Kwa achemwali amene amuna awo akanizidwa ndalama za ulumali ku VA

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba: kuti bambo akunyumba anakulira ku Zomba, analowa US Army, anapita ku Iraq, atabwerako anawatulutsa usilikali ndi pepala loti ali ndi personality disorder, kapena kuti vuto la khalidwe, ndipo tsopano a VA, unduna wa boma la America woona za asilikali opuma, awakaniza ndalama zomwe anapempha chifukwa cha PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa. Mukufunsa ngati pali kochitira apilo kapena mungozitaya. Musazitaye. Koma musanachite china chilichonse, tengani kalata yokanayo muone deti lomwe lili pamwamba. Kuchokera tsiku limenelo muli ndi chaka chimodzi. Mukachitapo kanthu chakacho chisanathe, mukadzapambana amawerengera ndalama kuyambira pomwe munapempha koyamba. Mukachedwa mutha kupemphabe, koma za m'mbuyozo zambiri zimapita.

Chomwe chawagwetsa alamu ndi dzina la matendalo. Lamulo la VA, 38 CFR 3.303(c), limati personality disorder si matenda kapena kuvulala komwe boma lingalipire. Amaitenga ngati khalidwe lomwe munthu anakula nalo asanavale yunifolomu. Ndiye dzina limeneli likangolowa m'fayilo, wobwera pambuyo amaliwerenga, n'kulikopera, nkhani n'kuthera pomwepo. Alamu sali okha. Pakati pa 2001 ndi 2010 asilikali opitirira 31,000 anatulutsidwa ndi dzina lomweli, malinga ndi ziwerengero zomwe bungwe la Vietnam Veterans of America linapeza ku boma. Mu 2007 mtolankhani Joshua Kors analemba mu The Nation za Jon Town, msilikali yemwe anavulazidwa ndi roketi ku Ramadi, n'kulandira mendulo ya ovulala kunkhondo ya Purple Heart, koma anamutulutsa ponena kuti vuto lake anabwera nalo kuchokera kwawo. Mu 2008 ofesi yofufuza ya GAO inapeza kuti nthawi zambiri ankhondo sankatsata malamulo awo omwe potulutsa anthu mwa njira imeneyi. Choncho mukamanena kuti dokotala woyamba amene analemba dzina limeneli analakwitsa, simukunena zachilendo kwa amene adzawerenge apiloyo.

Mlandu wonse wagona pa funso limodzi: kodi alamu anali munthu wotani asanapite ku Iraq? Madokotala eni ake amati personality disorder imayamba kuonekera paunyamata, ndipo imamutsatira munthu kulikonse, kusukulu, kuntchito, kunyumba. Siyamba mwadzidzidzi munthu atabwera kunkhondo. Ndiye ngati anapimidwa polowa usilikali n'kupezeka bwinobwino, ngati mabwana ankawalembera malipoti abwino, ngati anakwezedwa udindo, kenako atabwerako ndi pomwe panayambira kuchedwa pa pelete, mowa, ndewu ndi zilango za usilikali zomwe amazitcha Article 15, mapepala amenewo akuchitira umboni mbali yanu. Itanitsani fayilo yonse, yomwe amaitcha C-file, ndi fomu 20-10206. Muli mapepala achipatala a nthawi ya usilikali komanso lipoti la dokotala yemwe anawaunika atapempha ndalamazo, pa kuunika komwe a VA amakutcha C&P. Imachedwa kubwera, ndiye itanitsani sabata ino. Pa kalata yokana ija onaninso pomwe alemba favorable findings. Zomwe avomereza kale pamenepo, monga kuti anatumikiradi ku Iraq, simufunika kuzimenyeranso nkhondo.

Kenako pakufunika psychiatrist kapena psychologist woti awaunike mwatsopano. Kalata ya mizere itatu yongoti "ali ndi PTSD" siithandiza kwenikweni. Dokotalayo awerenge fayilo, alembe kuti waiwerenga, atchule dzina lakale lija ndi kufotokoza chifukwa chomwe silikugwirizana ndi mbiri ya munthuyu. Alembenso kuti matendawo akukhudzana ndi usilikali, ndi mawu omwe a VA amafuna kuwaona: at least as likely as not. Kutanthauza kuti umboni ukangofanana mphamvu mbali zonse ziwiri, wopambana ndi msilikali. Musakakamirenso pa PTSD yokha. Pa mlandu wa Clemons v. Shinseki mu 2009, khothi linagamula kuti msilikali si dokotala, ndipo akapempha pa matenda amodzi a maganizo, a VA ayenera kuyang'ana ena onse omwe zizindikiro zake zikuloza, kaya ndi depression kaya anxiety. Ngati anakhalapo pafupi ndi bomba litaphulika, afunsenso za TBI, kapena kuti kuvulala kwa ubongo, chifukwa kumabweretsa ukali ndi kuiwalaiwala komwe ena amakutenga ngati khalidwe loipa. Ngakhale zitapezeka kuti personality disorder ilipodi, 38 CFR 4.127 imalola kulipira matenda ena a maganizo omwe anadza pamwamba pake. Ndipo kuyambira 2010, msilikali amene anali kumalo ankhondo safunikanso kubweretsa pepala lotsimikiza tsiku ndi malo a chilichonse chomwe chinamuopsa. Mawu ake pa fomu 21-0781 amakwana, bola dokotala wa maganizo wa VA, kapena wolembedwa ndi VA, atsimikize kuti mantha amenewo ndi omwe anabala matendawo.

Njira za apilo zilipo zitatu kuyambira February 2019. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Supplemental Claim, fomu 20-0995, chifukwa ndi yomwe imalandira umboni watsopano mosachedwa kwambiri. Higher-Level Review, fomu 20-0996, salola pepala latsopano ngakhale limodzi. Bwana wina amangowerenganso fayilo yomweyo, yokhala ndi dzina lomwe lija. Imathandiza pokhapokha cholakwika chikuonekera poyera, mwachitsanzo dokotala wa C&P sanatsegule n'komwe fayilo. Yachitatu ndi Board of Veterans' Appeals, fomu 10182, komwe kuli jaji. Kumeneko n'kwabwino pa milandu yovuta, koma kudikira kwake kumatha kufika zaka, makamaka mukafuna kukaonekera pamaso pa jaji. Board ikakana, muli ndi masiku 120 okha opitira ku Court of Appeals for Veterans Claims.

Tsopano gawo lanu, achemwali, ndipo ndi lalikulu kuposa momwe mukuganizira. A VA amalandira umboni wa achibale ndi anzake pa fomu 21-10210. Musalembe kuti "amuna anga akudwala kwambiri". Lembani zomwe maso anu amaona: kuti usiku amadzuka thukuta lili kamukamu n'kuyamba kuyendera mawindo ndi zitseko, kuti ku lesitilanti sakhala atafulatira khomo, kuti pa 4 July makombola akayamba amadzitsekera m'bafa, kuti ana anaphunzira kuyenda monyang'ama bambo akagona, kuti ntchito zakhala zikutha pa zifukwa zotani. Ndipo popeza nkhani ndi ya ubwana wawo, makalata ochokera kumudzi ali ndi mphamvu. Apongozi anu, achimwene awo, aphunzitsi a ku sekondale, abusa amene anawadziwa ali mnyamata, alembe kuti anali mwana wotani, ankakhala bwanji ndi anzake, anasintha liti. Akalemba m'Chichewa, kalatayo imasuliridwe m'Chingerezi, mutumize zonse ziwiri zosainidwa. Ndikudziwa kuti kwathu nkhani zotere timazikwirira, kuopa kuti anthu adzati wazungulira mutu kapena anamulodza. Koma apa mukabisa, fayiloyo itsala ndi mawu a dokotala woyamba uja basi.

Chimodzimodzi tsiku lokaunikidwanso. Ife tinaleredwa kuti munthu akakufunsa za moyo umayankha kuti uli bwino, ngakhale usanagone sabata yathunthu. Onjezerani kuti ndi mwamuna, ndiponso msilikali. Amavala suti, kumeta bwinobwino, kumwetulira, dokotala n'kulemba kuti palibe vuto. Auzeni alamu kuti asakokomeze, koma afotokoze masiku oipa momwe amakhaliradi. Mapelesenti a matenda a maganizo ndi 0, 10, 30, 50, 70 kapena 100, ndipo amayeza momwe matendawo asokonezera ntchito ndi kukhala ndi anthu.

Pali nkhani ina yapadera, ya DD-214, pepala lomwe msilikali amapatsidwa potuluka usilikali. Mawu oti personality disorder ali papepala lomwe mabwana olemba ntchito amaliona, ndipo atha kusinthidwa. Ngati zaka 15 sizinathe chitulukireni, fomu yake ndi DD 293. Ngati zinatha, ndi DD 149. Malangizo a akuluakulu a unduna wa chitetezo, a Hagel a 2014 ndi a Kurta a 2017, amauza makomiti owunika mafomu amenewa kuti aziunika mokomera msilikali pomwe pali PTSD, TBI kapena kuchitiridwa nkhanza zogonana. Koma musadikire zimenezi kuti muchite apilo ya ndalama, ndi maofesi awiri osiyana.

Musalimbane nazo nokha. Mabungwe a asilikali opuma monga DAV, VFW ndi American Legion komanso ofesi ya asilikali opuma ya m'county mwanu amathandiza mwaulere. Loya wovomerezeka ndi VA amaloledwa kulipiritsa pokhapokha chigamulo choyamba chitatuluka, ndipo kawirikawiri amatenga 20 pelesenti ya ndalama za m'mbuyo mukapambana. Chenjerani ndi makampani omwe amadzitsatsa pa Facebook ndi TikTok kuti akukwezerani mapelesenti. Ambiri ndi madobadoba chabe, ngati aja amakuchingamirani pageti la ofesi ya boma kwathu. Dzina la aliyense wofuna kukuthandizani mutha kulifufuza pa mndandanda wa ovomerezeka womwe uli pa webusaiti ya VA musanasaine kanthu.

Mwatchulanso kuti chibwerereni kalatayo alamu sakulankhula ndi munthu ndipo akuti atopa ndi moyo. Izi ndi zofulumira kuposa mafomu onsewa. Imbani 988 n'kudina 1, nambala yothandiza asilikali opuma omwe ali pa vuto lotere, usana kapena usiku, ndipo inunso monga mkazi wawo mutha kuimba. Ku Vet Center, malo a uphungu a VA, amapereka uphungu waulere kwa omwe anali kunkhondo ndi mabanja awo, osayang'ana kuti VA inavomera ndalama kapena ayi. Ngati m'nyumbamo muli mfuti, ichoke kaye kapena ikhomedwe, makiyi asunge munthu wina.