Mukusamukira ku Lilongwe: m'tauni, m'mphepete mwa tauni, kapena kumudzi?

Talandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti kuntchito awasamutsira ku Lilongwe, ofesi ili ku City Centre, galimoto alibe, ndipo ali ndi ana awiri, wina Sitandade 3 wina Sitandade 7. Achimwene awo akuti apeze nyumba m'tauni momwe. Anzawo akuntchito akuti ku Area 25 kapena ku Area 49. Amalume awo akuti lendi n'kutaya ndalama, bola agule puloti cha ku Mpingu amange yawo. Funso lawo ndi lakuti, "Ndimvere ndani?"

Mayi, yankho lathu ndi ili: chaka choyamba chitani lendi pamalo pomwe mungafike kuntchito mosavuta, dzinja limodzi likupezeni muli pomwepo, ndipo za puloti muzichita mutaudziwa mzinda. Zifukwa zake tizifotokoza, poyambira pa chinthu chomwe chimawadya anthu ambiri obwera kumene, chomwe ndi thiransipoti.

Lilongwe si Zomba. Pomwe likulu linkasamukira kuno mu 1975, mzindawu anaukonza motayana kwambiri, moti City Centre ndi Old Town ndi matauni awiri osiyana, pakati pali nkhalango. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kutali ndi komwe amagwira ntchito. Manambala a ma Area asakupusitseninso. Area 24 ili kummwera, Area 25 ili kumpoto cha ku Kanengo, si zoyandikana ayi. Minibasi zambiri zimathera ku depoti ku Old Town. Ndiye munthu wokhala ku Area 36, Area 23, Chinsapo, Likuni kapena mumsewu wa Mchinji, ngati amagwira ku City Centre, nthawi zambiri amakwera kawiri popita, kawirinso pobwerera.

Tengani pepala muwerengere. Mwezi uli ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 22. Minibasi imodzi popita, imodzi pobwera, ndi maulendo 44. Zikakhala ziwiri, ndi 88. Ngati pochoka pasiteji kufika kunyumba pakufunika kabaza, afika 132. Tingoyerekeza kuti ulendo uliwonse ndi K1,000: nyumba ya minibasi ziwiri ikukudyerani K44,000 yoonjezera mwezi uliwonse, ya kabazayo K88,000. Ndalama imeneyi iphatikizeni ku lendi, kenako yerekezani nyumbazo. Kawirikawiri nyumba yotchipayo imapezeka kuti ndiyo yodula. Komanso lendi imakwera mwina kamodzi pachaka, pomwe mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo mafuta akasowa kapena mvula ikagwa madzulo. Musanalipire chilichonse, uyeseni ulendowo Lolemba cha m'ma 6:30 mmawa ndi Lachisanu cha m'ma 5 madzulo. Lamulungu masana msewu umanama.

Za m'tauni mwenimweni sititaya nthawi. Ku Area 3, 9, 10, 43 ndi 47 nyumba ndi zazikulu, lendi nayo ndi yaikulu, ndipo m'misewu yambiri yam'kati simuyenda minibasi, anakonzera anthu a galimoto. Zomwe mungakwanitse kumeneko mwina ndi boyizikota, koma ya chipinda chimodzi ndi ana awiri ndi yothina. Ku Kawale, Biwi ndi Mchesi muli pafupi ndi msika waukulu, depoti ndi chipatala cha Bwaila, ndipo minibasi imodzi yokha ikufikitsani ku City Centre mukafika ku depoti wapansi kapena pa kabaza. Ku Kauma ndi ku Mtandire ndi kufupi ndi ntchito yanu ndipo lendi ndi yotsika, koma madera amenewa anakula popanda mapulani. Kumeneko funsani mafunso atatu: chimbudzi ndi bafa mukugawana mabanja angati, mita ya magetsi ndi ya aliyense payekha kapena ndi imodzi puloti yonse, ndipo madzi ndi a pampopi wa pakhomo kapena a ku kiyosiki. Mita yogawana ndiyo imayambanitsa anthu kwambiri. Mnzanu akagula hotipuleti, mayunitsi omwe ankatha mwezi amatha sabata imodzi, koma posonkha amati tisonkhe mofanana.

Madera a m'mphepete monga Area 25, Area 49 ndi mbali zina za Area 36 ndiwo tikuona kuti akukuyenerani, makamaka a kumpotowo chifukwa ali mbali imodzi ndi City Centre. Nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu ya mumpanda imapezeka, sukulu zilipo, ku Area 25 ndi ku Area 18 kuli zipatala zazing'ono za boma. Koma dzina la Area lisakukhutiritseni. M'dera lomwelo, mzere wina madzi amatuluka tsiku lonse, mzere wina amabwera 2 koloko usiku. Madzi a Lilongwe Water Board amachokera mumtsinje wa Lilongwe, kudzera m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo nyumba za pamtunda kapena za kumapeto kwa mapaipi ndizo zimayamba kuuma m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mukapita kukaona nyumba, tsegulani mpopi masana. Suzumirani kuseri kwa nyumba zoyandikana: mukaona migolo ndi zigubu zachikasu zitandandalikidwa pakhonde lililonse, mwayankhidwa kale. Landilodi kapena dobadoba sangakuuzeni zimenezi. Funsani mayi amene akuchapa panyumba yoyandikana, iyeyo ndiye amadzuka usiku kukatunga.

Yang'ananinso khoma chapansi. Mzere wakuda kapena wobiriwira pamwamba pa fawundeshoni, penti yofufuma, pulasitala yoyoyoka ngati ufa, zonsezi zikutanthauza kuti nyumbayo imamwa madzi dzinja. Dothi lakuda long'aluka m'chilimwe ndi makande a kudambo; limafufuma mvula ikagwa n'kunyala ikatha, ndipo ndilo limang'amba makoma. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Nyumba ya m'mbali mwa mtsinje kapena kumunsi kwa ngalande yaikulu isiyeni, ngakhale ikhale ya matailosi. Musanalowe, lembani nambala ya mita ya madzi ndi ya magetsi mukafunse ku maofesi ake ngati pali ngongole, chifukwa ngongole imatsalira pa mita, osati pa munthu amene anatuluka. Ndalama ya miyezi itatu yomwe malandilodi ambiri amafuna perekani m'manja mwa mwini nyumba mutasainirana pepala, osati kwa dobadoba. Nyumba imodzi yomweyo ena amailipiritsa anthu atatu.

Tsopano za amalume. Maganizo awo si olakwika. Malo a mumsewu wa Mchinji monga Njewa, Chitedze ndi Mpingu, a kummwera cha ku Nanjiri ndi Nathenje, ndi a kumpoto cha ku Lumbadzi ndi otsika mtengo kusiyana ndi a m'tauni, ndipo mzinda ukukulira komweko. Mumakhala ndi dimba, nkhuku, mpweya wabwino, chimanga chogula pamunda. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope akumudzi ndi anayi: mapepala, madzi, magetsi ndi mtunda.

Mapepala ndiwo amaliza anthu. Kunja kwa malire a mzinda malo ambiri ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Kalata yodindidwa ndi a nyakwawa imathandiza ngati umboni wakuti munagwirizana, koma si taitolo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, otsogozedwa ndi a gulupu, a mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu mwa iwo amayi. Ndiye funsani ngati m'deralo komitiyi ilipo, ndipo nkhani yanu idutse kumeneko. Kumadzulo kwa Lilongwe kuli chinthu china chomwe alendo ambiri sachidziwa. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri kumeneko analembetsedwa ngati a banja lonse, m'dzina la woimira banja, m'dongosolo lotchedwa ndunda. Munthu akhoza kukhala kuti walima munda umenewo zaka makumi awiri, koma mundawo ndi wa mbumba yonse. Kuno ndi kwa Achewa, malo amayenda kuchikazi. Mwamuna amene akukugulitsaniyo mwina ndi mkamwini chabe. Mukamanga n'kufika pawindo, pamatulukira alongo ake a mwini malo kapena mwana wa mchemwali wawo wochokera ku Joni, n'kunena kuti sanauzidwe.

Chitani motere. Pitani ku ofesi ya zamalo mukachite kafukufuku wa m'kaundula kuti mudziwe ngati malowo analembetsedwa, m'dzina la ndani, ndiponso ngati sali pa chikole ku banki. Funsani ku khonsolo ngati sadutsapo msewu, mawaya akuluakulu a ESCOM kapena paipi. Yendani malire onse wapansi pamodzi ndi amfumu, eni mbumba ndi anansi a mbali zonse zinayi, tsiku limodzi, onse akuona. Itanani saveya wovomerezeka aike mabikoni a simenti. Malire a nkhadze, mtengo wa mango kapena chulu amasuntha. Pepala la mgwirizano lisainidwe ndi achibale angapo, makamaka akuchikazi, ndi manambala a zitupa zawo. Ndalama lipirani m'magawo kudzera ku banki kuti pakhale umboni, gawo lomaliza mabikoni ataikidwa. Makampani ogulitsa mapuloti achulukanso. Kwa iwo pemphani kuona taitolo ya malo onsewo ndi pulani yogawa mapuloti yovomerezedwa, musakhutire ndi mapu okongola a pa WhatsApp. Wogulitsa amene akukufulumizitsani kuti wina akubwera ndi ndalama mawa, msiyeni agulitse kwa winayo.

Madzi awerengereninso. Munthu mmodzi, pochepetsetsa, amafuna malita 20 patsiku. Inu, ana awiri ndi wokuthandizani pakhomo ndi zigubu zinayi, kuchapa kusanalowepo. Ndani azikatunga inu mutanyamuka 5 koloko mmawa? Kaoneni mjigo wapafupi, mufunse kuti unaonongeka liti komaliza ndipo unatenga masiku angati kuti ukonzedwe. Pamenepo mudziwa ngati komiti yake ikugwira ntchito. Chitsime chokumba pamanja chimaphwa mvula isanayambe, ndipo chiyenera kukhala mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi chilichonse, chanu ndi cha mnansi yemwe, komanso kumtunda kwake. Pa puloti yaing'ono mtunda umenewu sukwanira. Kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, isatichoke m'mutu.

Magetsi: kuona mawaya akudutsa si kukhala ndi magetsi. Mawaya a mphamvu yaikulu sangalowe m'nyumba popanda thiransifoma. Werengani mapolo kuchokera pa nyumba yomaliza yomwe ikuyaka kufika pa puloti, chifukwa oonjezerawo akhoza kukhala pamsana panu. Sola yaing'ono imayatsa mababu, TV ndi kutchaja mafoni, koma simbi ndi kuphika zibwerera pa makala.

Palinso mtunda wa usiku. Mwana akatentha thupi 1 koloko usiku mu Janyuwale, msewu wafumbi utasanduka phala, mufika bwanji kuchipatala? Amene ali ndi galimoto funsoli saliona kukula kwake. Ndipo kumudzi simukhala kuseri kwa geti ngati m'tauni. Maliro akagwa mumapita, mumasonkha ufa ndi ndalama, simulima kapena kumangitsa tsiku limenelo. Kumanda ndi kudambwe sikuyandikiridwa wamba, ana muwauziretu. Mukalemekeza zimenezi mudzi umakusungani kuposa mlonda. Mukazinyoza, nyumba yanu yamalata pakati pa mudzi imakhala payokha tsiku la mavuto.

N'chifukwa chake tikuti gulani puloti ngati ndalama ilipo, koma musathamangire kukhalako. Kaioneni mu Febuluwale mvula ili pakati, mukaionenso mu Okutobala. Mukagula musaisiye tchire: limanipo chimanga, dzalani mitengo m'malire, muzionekerako mwezi ndi mwezi, chifukwa puloti yogona ndiyo imagulitsidwa kawiri.

Mwana wa Sitandade 7 uja ndiye akuikireni nthawi. Mayeso a Sitandade 8 amalembetsa ku MANEB kudzera pa sukulu yomwe akuphunzira, ndipo kusankhidwira ku sekondale zoyendera za CDSS kumatsata sukulu za pulayimale za m'dera lomwelo. Mukamusamutsa kawiri, kuchoka ku Zomba kenako kuchoka m'tauni kupita kumudzi ali pakati pa Sitandade 8, mumusokoneza pa chaka chofunika kwambiri. Tengani kalata ya thiransifa musananyamuke ku Zomba, kaonaneni ndi ahedi a sukulu yatsopano musanalipire lendi, mufunse kuti kalasi imodzi muli ana angati ndiponso amasankhidwira ku sekondale ziti. Nyumba yomwe mulowe tsopano ikhale yomwe mwanayo adzalemberemo mayeso, ndipo ikhale yoti iye ndi mng'ono wake azifika kusukulu wapansi osaoloka msewu wa M1.