Za chionetsero cha pa 3 December: kayang'aneni pansi pa holo musanagule kanthu

Achemwali, mwafunsa zitatu: holo yabwino mu Blantyre, kopempha ndalama, ndi zipangizo zothandiza oimba ndi ovina anu aulumali pa 3 December, tsiku la anthu aulumali padziko lonse. Za ndalamazo ayankhe ena, ine ndine wa masipika ndi mawaya.

Aja akukuuzani kuti muitanitse Soundbeam ku UK, kaya anaigwirapo n'komwe. Chinthucho n'chabwino ndithu: chimaponya mafunde osamveka m'khutu, ndiye munthu akasuntha mkono kapena mutu patsogolo pake, nyimbo imalira. Koma mtengo ndi mapaundi masauzande angapo, musanaikepo ndege ndi msonkho, ndi forex ya masiku anoyi. Chikakufereni, mudzazungulira nacho Limbe yense. Bwerekani iPad, ngakhale yakale. Mwa mapulogalamu oimbira nyimbo, GarageBand ndi yaulere, ThumbJam ndi cha m'madola 10. Mumaitchera kiyi imodzi, moti mwana amene zala zake sizigwira gitala amaimba ndi chala chimodzi osaphonya. Koma ilumikizeni ndi waya. Bluetooth imachedwetsa mawu, mwana amagunda pano kulira kukubwera m'mbuyo, basi wasokonezeka.

Chimene chinandiwotcha ine ndi pansi. Chaka china ndinagwira ntchito ndi ana osamva ovina. Masabata atatu tinkayeserera m'chipinda choyala matabwa pansi, sipika ya besi nditaigoneka pamatabwapo, ana opanda nsapato. Ng'oma ikagunda inkawalowa kuphazi mpaka m'mawondo, ndipo ankagwera pamodzi ngati munthu mmodzi. Holo ya tsikulo tinalipira pafoni osaiona. Kufika, simenti yokhayokha ndi matailosi pamwamba. Simenti sinjenjemera. Ndinakweza besi mpaka mawindo kuyamba kulira, agogo a mzere woyamba atagwira makutu, koma anawo kumapazi kuli zii. Mtsikana wotsogolera anangoima n'kumandiyang'ana, kenako kuloza pansi. Anatiombola ndi aphunzitsi awo, amene anagwada kutsogolo n'kumawerengera ndi tochi ya foni mpaka gule kutha.

Ndiye pitani nokha, mukagunde chidendene pasiteji. Ikakhala ya simenti, kalipentala akukhomereni nsanja ya matabwa yokhala ndi mphako kunsi, sipika ya besi ikhale pamwamba pake penipeni. Oonerera osamva agulireni mabaluni, akaligwira m'manja nyimbo yonse amaimva m'zala. Paketi imodzi ikwana.

Holo yomweyo anatiuza kuti "ramp ilipo", ija njira yotsetsereka yokwerera njinga ya aulumali. Inalipodi, pakhomo lolowera. Kusiteji kunali masitepe anayi. Woimba wathu, bambo wamkulu wa ana ake, tinachita kumunyamula ndi njinga yake yomwe, anthu anayi, khamu lonse likuona. Anaimba bwino, koma sanandilankhulenso tsiku limenelo, ndipo sindimuda. Muyezo wa ramp ndi uwu: siteji ikatalika theka la mita, ramp ikhale mamita 6. Thabwa lachidule lotsamira pasitepe, limenelo ndi msampha. Mukaonenso chimbudzi ngati njinga ingalowe n'kutembenuka.

Womasulira chinenero chamanja funsani ku MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi muno, sabata ino. Alipo ochepa, ndipo 3 December ndi tsiku la anthu aulumali padziko lonse, aliyense amawafuna. Mumulipire, musamuyese wongodzipereka, ndipo mumuikire nyali yakeyake chifukwa mumdima manja saoneka. Jenereta ikhalepo, ndi nthawi ya mvula imeneyo, koma muiike kutali: woimba wosaona amadalira khutu, phokoso likachuluka amasochera pasiteji. Mawaya onse matani pansi ndi tepi, amakola ndodo yoyera ndi matayala omwe. Ngati muli ndi achialubino, nyali zowala kwambiri zisawalunjike m'maso.

MC mukambirane naye kuseri zisanayambe. Asadzayerekeze zija zoti "taonani zodabwitsa, olumala akuvina". Allan Namoko anali wosaona, koma anthu ankavina banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band chifukwa inkakoma. Awaitane ndi mayina awo ndi nyimbo zawo.

Mundiuze ovina osamvawo ndi angati, ndikuwerengereni kukula kwa nsanja musanapite kwa kalipentala.