Agogo anu aja a sitolo ya nsalu pa Balaka

Pepani ndi zovutazi, mwanangu. Mwalemba kuti munabadwira ku Joni, agogo anu munangowaonako kawiri muli wamng'ono, ndiye poti atisiya mukufuna ife amene tinkawadziwa tikuuzeni kuti anali munthu wotani. Ndaona ambiri angoyankha kuti anali munthu wabwino, mzimu wawo uuse mumtendere. Sakunama, koma pamaliro aliyense amakhala wabwino. Ine ndilemba motalikirapo, chifukwa yunifolomu yanga yoyamba ya kusekondale inatuluka m'sitolo imene ija, ndipo mpaka lero sinathe kulipiridwa.

Joni amene muliko inuyo, agogo anu ndiwo anayamba kumuponda. Anapita pa Wenela kukagwira ntchito kumigodi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi ambiri anafera pomwepo, ndipo Kamuzu anaimitsa zotumiza anthu kumeneko. Agogo anu anabwerera pa gulu limene linabwera pambuyo pa ngoziyo. Anzawo anabwera ndi mawailesi, njinga ndi masuti, koma iwo anabwera ndi makina a Singer opalasa ndi mwendo. Mwayi wawo unali wakuti zaka zomwezo boma linalamula amwenye kuti achoke m'matauni ang'onoang'ono akachite malonda m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Masitolo anatsala apululu. Anthu ambiri amene anawalowa sanapite patali, katundu akatha m'mashelefu basi chitseko n'kutseka. Agogo anu anakhalitsa, ndipo chimene chinawasunga ndi kabuku kena kachikuto chakuda kamene kankakhala pansi pa kauntala.

Kabuku kameneka ndi ka ngongole. Balaka ndi dera la thonje, ndalama tinkaiona kamodzi pachaka, msika wa ADMARC ukatsegula. Miyezi inayo thumba linkakhala lopanda kanthu, koma mwana sadikira thonje kuti akule, maliro nawo sadikira. Ndiye iwo ankapereka nsalu mu Januwale, n'kulemba dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake, n'kudikira mpaka Juni kapena Julaye. Chikole sankafuna. Ankangofunsa kuti munda wanu uli kuti, mwalima maekala angati. Mukanama ankadziwa, chifukwa Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankayenda pa njinga m'midzi ngati akungocheza, koma maso ali m'minda.

Ine ndinasankhidwa kupita kusekondale mu 1988. Nthawi imeneyo kusankhidwa sikunali kwamasewera, mudzi wonse unabwera kudzandiona. Bambo anga analibe ngakhale tambala. Anandigwira pamkono mpaka kusitolo kuja, atafika anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza mozungulira za mvula ndi mbozi za m'thonje. Agogo anu anawadula pakamwa. "Abambo, nkhani ya mbozi tikamba mawa. Mwanayu akufunika masiketi angati?" Anatsitsa mpukutu wa nsalu, kuuyala pa kauntala, kuyeza ndi ndodo yawo ya yadi imene inali itachita kuda ndi thukuta la m'manja. Ankadula pang'ono chabe ndi sizasi, kotsalako n'kung'amba ndi manja, phwee! mzere wowongoka ngati ajambula ndi rula. Phokoso limenelo ndimalimvabe.

Telala wa pakhonde atandiyeza, iwo anatulukira n'kumuuza kuti awonjezere zala zinayi m'chiuno ndi zinayi kumpendero. Ndinalira, chifukwa siketiyo inkandifika m'akakolo ndipo ndinkachita kuimanga ndi chingwe. Anangoseka. "Muzikuliramo, amayi. Fomu 4 ili kutali." Ndinalembadi mayeso a Fomu 4 nditavala siketi yomweyo, mpendero utamasulidwa kawiri. Mwana aliyense wamkazi ankamuitana kuti amayi, wamwamuna bambo, ngakhale wa zaka zisanu.

Za kutalika kwa masiketizi panalinso lamulo. Kuyambira 1973 amayi sankaloledwa kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo agogo anu lamulo limeneli ankalisunga kuposa apolisi. Litachotsedwa pambuyo pa riferendamu ya 1993, iwo m'sitolo mwawo silinachoke. Mtsikana akalowa atavala thalauzi ankamugulitsa bwinobwino, koma maso ali kudenga, ndipo akamatuluka ankamuponyera mawu akuti zitenje zatsika mtengo. Pamenepa ndiye ndisakubisireni, anali ndi khosi louma. Anyamata amene ankawathandiza m'sitolo sankakhalitsa, chifukwa malipiro anali ochepa, ndipo batani limodzi likasowa pa khadi, tsiku lonse linali la mlandu. Munthu yemweyo wokongoza mudzi wathunthu ankawerenga masingano usiku uliwonse asanatseke.

Katundu wawo wambiri anali wa David Whitehead ku Blantyre: zitenje, khaki wa ana asukulu, bafuta. Ankapita okha kukapikula pa sitima mpaka ku Limbe, pobwera anyamata a mawilibala akuwadikira pasiteshoni. Tsiku limene katundu wafika amayi ankadzaza khonde lonse, a Mvano kufuna nsalu yoyera ya bulauzi ndi yakuda ya siketi, ena kufuna chitenje chatsopano chisanawande. Iwo ankadziwa kuti mayi uje ndi mayi uje sakumwerana madzi, ndiye sankawagulitsa chitenje chofanana. Wina ankamunong'oneza kuti chimenecho chatha, pamene chili pansi pa kauntala.

Chimene anthu akuluakulu a pa Balaka sadzaiwala ndi nsanda. Kukagwa maliro usiku, anthu ankakagogoda pawindo la kuseri kumene ankagona. Ankadzuka ndi nyali, kutsegula sitolo, kuyeza bafuta, osafunsa za ndalama. Amayi anga atamwalira, achimwene anga anapita kumeneko tambala woyamba asanalire. Anabwera ndi nsalu, ndipo m'mawa agogo anu anafika pasiwa atavala jekete lawo lotuwa lija, anakhala pansi pamodzi ndi amuna anzawo mpaka tinaika. Nsanda sinkalembedwa m'kabuku ka ngongole. Inali ndi tsamba lakelake kumapeto, ndipo tsamba limenelo sankalitsegula pamaso pa munthu.

Kenako kunabwera kaunjika. Matipate atalowa mu 1994, mabelo anayamba kutsegulidwa pamsika, shati yakunja n'kumagulidwa mtengo wosafika ngakhale theka la yadi imodzi ya nsalu. Chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu kwambiri, ndiye ngongole yoperekedwa mu Januwale pofika Julaye inali yosagulanso katundu yemweyo. Pulayimale itakhala yaulere, ana anadzaza m'makalasi ndi zovala za kunyumba. Anzawo a agogo anu anawalangiza kuti nawonso atsegule belo pakhonde. Anakana. Ankati iwo sangagulitse malaya amene munthu wina anatulukiramo thukuta. Ife tomwe amene tinkawatamanda tinayamba kudutsa kuseri kwa sitolo tikamachokera kumsika, majumbo a kaunjika titabisa m'chitenje. Ankationa ndithu. Tsiku lina anandiitana, n'kugwira kolala ya bulauzi imene ndinavala, kuitembenuza, kuyang'ana msoko. "Anasoka bwino," anatero, n'kundisiya. Ndinachita manyazi kuposa akanandikalipira.

Pa njala ya 2002 anthu ankabwera ndi zitenje zomwe anagula kwa iwo, kuti awabwezereko kangachepe akagule madeya. Ankalandira, ngakhale ankadziwa kuti sadzazigulitsanso. Kuchokera pamenepo mashelefu sanadzadzenso. Zaka zomalizira mumangotsala ulusi, mazipi, mabatani ndi mipukutu iwiri itatu ya yunifolomu, koma ankatsegulabe 7 koloko, kusesa pakhonde, kukhala pampando wawo wa ndalema n'kumalonjera aliyense wodutsa ndi dzina la mfunda wake.

Tsopano za ngongole ija. Chaka cha 1988 thonje la bambo anga silinachite bwino, anabweza theka lokha. Nditayamba ntchito ya uphunzitsi ndinapita ndi malipiro anga oyamba kuti ndikamalize. Anatulutsa kabuku, kunyowetsa chala ndi malovu, kutsegula mpaka anapeza dzina la bambo. Panatsala K6.50. Anayang'ana nambalayo, kundiyang'ana ine, n'kutseka. "Ngongole iyi ndi ya bambo anu, si yanu. Akadzabwera okha tidzakambirana." Bambo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo nsanda yawo inachokera m'sitolo momwemo.

Mukabwera kudzaona manda, mufunse azakhali anu ngati kabuku kaja kalipo, asakakolezere moto. Mundilembere ku inbox tsiku lofika, ndidzakudikirani pa depoti. Telala uja adakalipo, maso anafooka koma mutu uli bwinobwino, ndipo Singer ya agogo anu ili kwa iyeyo. Tidzapite limodzi, mudzaipalase ndi mwendo wanu.