Kuoda mafoni a anyamata opanga ma app

Achimwene, mwafunsa kuti mafoni amene ndimabweretsera anyamata opanga ma app ndimawasankha bwanji, poti nanunso mukufuna kuyamba geniyi.

Ndimaoda ku Johannesburg, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kapena ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kutulukira pa Songwe. Malisiti muzisunga, a MRA amawafuna pa boda. Koma pamene ambiri amaluza ndi pa mawu oti "foniyi ndi yotsekula".

Wogulitsa akatero amangotanthauza kuti ilandira SIM ya TNM kapena Airtel. Kasitomala wanu mwina akunena za bootloader, loko wina amene akatsekulidwa munthu amatha kuchotsa Android wobwera ndi foni n'kuikamo wina. Ndiye ine sindilipira ndisanaone ndekha. Ndimalowa mu Settings, kudina Build number kasanu ndi kawiri, kenako mu Developer options ndimayang'ana OEM unlocking, podina pololeza kutsekula bootloader. Pakakhala pozimiririka, posadinika ngakhale foni ili pa intaneti, ndimaibweza pompo. Izi ndinaphunzira nditabwera ndi Pixel (foni ya Google) itatu yochokera ku kampani ina ya netiweki ya mafoni ya ku America: yokongola, mtengo wabwino, koma yonse yosatsekuka. Ndinaigulitsa mongotaya.

Pixel yosadzera ku makampani otere ndiye yosavuta. Xiaomi imafuna Mi account ndi kudikira masiku angapo. Huawei anasiya kupereka ma code otsekulira mu 2018. Samsung mukaitsekula Knox, chitetezo chake cha m'kati, imathyoka ndipo sibwereranso. Muzimuuziratu wogula kuti kutsekulako kumafufuta zonse za m'foni, ndipo ma app ena a banki amakana kugwira.

Dinaninso *#06# muone ngati IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ikufanana ndi ya pa bokosi. iPhone imene ili ndi iCloud ya munthu wina musaigwire n'komwe, ngakhale akutsitsireni bwanji. Kawirikawiri imakhala yakuba, ndipo mwini wake akulira kwinakwake.

China chimene chinandidabwitsa poyamba: makasitomala anga odziwa ntchito safuna foni yodula yokha. Amandituma ka itel kapena Tecno ka RAM ya 2GB, kamene sikafunika n'kutsekula komwe, USB debugging basi, yolola kuyesa app kuchokera pa kompyuta. Amati app iyesedwe pa foni imene mayi wogulitsa tomato ku Lunzu ali nayo m'chitenje. Choncho ulendo wanu woyamba tengani Pixel imodzi yomwe munthu wakulipiriratu theka, ndalama yotsalayo muodere timafoni timeneti.