Yankho kwa mayi ofunsa za maphunziro a luso kwa mwana wawo msilikali

Mayi, mwafunsa ngati mnyamata wanu amene wangomaliza maphunziro a usilikali ku MAFCO ku Salima angaphunzirenso ntchito yamanja ali m'gulu la asilikali. Angathe ndithu, ndipo muuzeni asachedwe.

Kuno ku Kasungu kuli gulu la asilikali a zomangamanga la MDF (asilikali a dziko la Malawi), ndipo anyamata ake timawaona akuyendetsa magiredala, kuwotcherera zitsulo, kukonza magalimoto. Koma luso la m'manja lopanda pepala limavutitsa munthu akapuma ntchito. Malume anga anatuluka usilikali akudziwa kumasula injini yonse, mabauti atawandandalika pa chiguduli mwa dongosolo lake, koma kulikonse kumene ankafunsira ntchito ankawafunsa satifiketi. Zinandipweteka mtima kuwaona akubwerera kunyumba chimanjamanja.

Choncho ayambe wapempha chilolezo kwa akuluakulu ake, chifukwa msilikali sangochoka pa ntchito mwa yekha. Kenako afunse ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Iwo ali ndi ndondomeko yoyesa luso lomwe munthu analiphunzira pogwira ntchito, n'kumupatsa satifiketi. Sukulu za luso ngati Namitete, Lilongwe ndi Salima zimaphunzitsa umakaniko, ukalipentala ndi zomangamanga.

Satifiketi yake ya MSCE muisunge bwino, adzaifuna polembetsa.