Phala la mwana lisathawe pa supuni

Mdzukulu wanga amene ali pa chitengwa ku Bembeke wanditumizira uthenga kuno ku Lizulu. Mwana wake wamwamuna wakwanitsa miyezi inayi mu Juni muno, usiku akulira kwambiri, ndipo apongozi ake alamula kuti ayambe kumumwetsa dawale poti mwana wamwamuna sakhuta bere lokha. Kusikelo anamuuza kuti adikire miyezi 6. Bambo a mwana nawo akuti akagulitsa kachewere akamugulira phala la m'chitini ku Dedza boma. Akufunsa kuti amvere ndani. Ndimuyankhira pano kuti anzake amvere pomwepo.

Iwe mkazi mnzanga, ndiyambe n'kudziulula, chifukwa zimene akunena apongozi akozo ine ndinazichita. Amalume ako aakulu aja ndinawayambitsa dawale asanathe miyezi itatu. Ndinkawagoneka chagada pamiyendo, kupinda dzanja pakamwa pawo ngati chikho n'kumathira timadzi ta phala la ufa woyera, iwo akutsamwa, ine n'kumati akudya. Sipanathe sabata anayamba kutsegula m'mimba, liwombo linalowa m'kati, maso anagwa. Akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ndi tsempho, ndipo agogo ako aamuna anasenzetsedwa mlandu umene anaukana mpaka tsiku la imfa yawo. Kuchipatala anatiuza kuti mwana watha madzi m'thupi, ndipo anandifunsa za madzi amene ndinkasungunulira dawaleyo. Anali a pachitsime, osawiritsa.

Ndiye yamwitsa mwakathithi mpaka miyezi 6 ikwane. Ndiye kuti bere lokha, popanda madzi, tiyi, dawale kapena zitsamba zomwetsa, kupatula mankhwala amene akupatsa kuchipatala. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, mwana samva ludzu ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Amuna anga aang'onowo akalira usiku, uyambe wagwira thewera. Ku Bembeke mu Juni ngakhale munthu wamkulu amalira ndi chisanu. Uwayamwitse bere limodzi mpaka lifewe usanawasinthire linalo, chifukwa mkaka wokhutitsa, wamafuta, umabwera kumapeto. Bere lili ngati chitsime, limatumphuka ukamatunga pafupipafupi. Ndipo ngati mzere wa m'buku la kusikelo ukukwera mwezi ndi mwezi, mwanayo akukhuta.

Apongozi usakawayankhe kuti "anesi akana". Mawu amenewo amabaya munthu amene analera ana mpaka kuwakwatitsa. Uwapemphe akuperekeze kusikelo, mwana abereke ndi iwo, akadzimvere okha kwa mlangizi wa zaumoyo. Uwauzenso kuti mu Ogasiti, tsiku la phala loyamba, supuni yoyamba adzamudyetsa ndi iwo. Zikavutabe, awalankhule ndi mwana wawo, osati iwe.

Komatu pamene ambirife timalakwa kwambiri si pa miyezi inayi, ndi pamene miyezi 6 yakwana. Nthawi imeneyo mwana wayamba kukhala ukamuchirikiza, khosi lalimba, maso akutsata dzanja lako likamapita kukamwa. Bere lokha silimukwaniranso, makamaka pa zowonjezera magazi. Ife timati tayamba kumudyetsa, koma chimene timamupatsa ndi madzi ofunda opaka ufa. Kamimba kake kamadzaza ndi kapu imodzi yokha ya tiyi. Ukakadzaza ndi phala lamadzimadzi, mwana amagona mimba ili nde, thupi lili ndi njala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 anali opinimbira. Ena mwa anawo ndi a kuno kwathu, kumene malole amanyamuka pa Lizulu ndi pa Tsangano atadzaza kachewere, kabichi ndi nyemba.

Phala lake uphike la mgaiwa, osati la ufa woyera umene mphamvu yake yambiri inapita ndi gaga. Likhale lolimbako. Utape pa supuni, uipendeketse pang'ono. Likayoyoka ngati thobwa, bwezera pamoto. Likakakamira n'kumatsika mwaulesi, ndi lomwelo. Masiku oyamba masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, utayamba wamuyamwitsa. Uziwonjezera pang'onopang'ono mpaka azimaliza theka la kapu. Akafika miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi kena kogwira m'manja pakati pake, monga nthochi kapena kachidutswa ka mbatata yophika. Akatha chaka adye za pabanja ponse, koma m'mbale yakeyake, kuti uziona ndi maso ako zimene wadya. M'mbale imodzi ndi akulu ake angonyambita zala.

M'phalamo ndimo muli nkhani. Lero thira nsinjiro, mawa swera dzira phala likuwira mpaka lipse, mkuja usipa wa ku Mtakataka woukazinga pang'ono n'kuusinja mpaka usalale ngati ufa, minga isamveke. Kasupuni kakang'ono ka mafuta ophikira, nkhwani kapena bonongwe wophika n'kupota, peyala lofewa, dzungu, mbatata yofiira m'kati. Kachewere wanu wa ku Bembekeyo umufinye pamodzi ndi chipere, uona mmene amuna angawo atsegulire kukamwa ngati mwana wa mbalame. Alangizi amawerenga magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi za mafuta. Ine sindiwerenga pa zala, ndimangoyang'ana ngati phalalo likadali loyera mbuu. Likakhala loyera, china chake chasowa.

Za phala la m'chitini, si poizoni ayi, koma chitini chimatha msanga, ndalama ya kachewere imabwera kamodzi, ndiye mayi amayamba kulisungunula kwambiri kuti lifike kumapeto a mwezi. Wabwereranso ku dawale, koma wodula. Likuni Phala amene mumamudziwa uja ndi chimanga ndi soya. Utenge mbale zinayi za chimanga, imodzi ya soya wokazinga bwino, upite nazo kuchigayo. Ndalama imene bambo a mwana afuna kugulira chitini agulire mazira, mafuta ndi sopo. Mtedza wa nsinjiro uzisankha wekha pa lichero. Wachuku, wofota ndi wowawa utaye, usaumvere chisoni, umawononga chiwindi.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona pafupifupi khomo lililonse. Mayi akanya kambamu ka nsima, aviika mu msuzi, apatsa mwana, nsomba yeniyeniyo n'kupita m'mbale ya bambo. Msuzi ndi madzi a mchere basi. Mwana apatsidwe mnofu, uusinje kapena uunyenye. Nafenso tinakula tikuuzidwa kuti mwana akadya dzira adzakhala wakuba. Ine ndakalamba ndikuona akuba ambiri, ndipo ambiri a iwo dzira analilawa atamera kale ndevu.

Uchi usamupatse asanathe chaka. Tiyi, zakumwa zotsekemera ndi tizakudya ta m'mapepala ta pa golosale timangomutseka njala. Mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga zimatsamwitsa. Kumutafunira chakudya monga tinkachitira ife usiye, m'kamwa mwa wamkulu mumadutsa matenda. Usambe m'manja ndi sopo, umusambitsenso iye, ndipo phala la m'mawa lisadikire madzulo pa mphika wozizira. Akatsegula m'mimba usamuchotse kubere kapena kumumana chakudya, umumwetse Thanzi ORS n'kuthamangira kuchipatala.

Tsiku loyambalo adzalavula, adzakwinya nkhope, phala lidzafika m'makutu. Usamutsine mphuno kuti atsegule pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Umuimbire, ulawe wekha iye akuona, akakana usiye, mawa uyesenso chomwecho. Lilime lake lazolowera kuyamwa, kumeza kwa supuni likuphunzira kumene. Bere nalo lisaleke, ayamwe usana ndi usiku mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo pa miyezi 6 pomwepo ukamulandiritse vitamini A kusikelo.

Soya ndakusungira kale m'chigoba, koma sindikutumizira pano, ungayesedwe. Ndibwera naye ndekha mu Ogasiti, pamodzi ndi kamthiko kanga kakang'ono kaja. Apongozi ako uwapatse moni, uwauze kuti ndidzafikira kwa iwo.