Durban mupite, koma Sienta ija itsale kaye ku Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Kamwendo, konkuno ku Mchinji. Dzina sinditchula, eni ake adzizindikira okha. Akuti apeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Durban, kufupi ndi doko, ndipo mapepala onse ali m'manja. Ali ndi Toyota Sienta yomwe anakaitenga okha ku Dar es Salaam, ndiye akufuna kupita nayo poti mayi ndi ana awiri adzawatsatira. Koma tulo sakuona. Afunsa kuti: "Kodi n'zoona kuti kumeneko amaswa magalasi a galimoto ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo? Nanga eni dziko amatitenga bwanji ife Amalawi?"

Achimwene, mwachita bwino, safunsa anadya phula. Ine ku Durban ndinakhalako zaka zingapo ndisanabwerere kudzalimbana ndi mtedza ndi soya kuno, choncho ndikuuzani zimene anaona maso angawa.

N'zoona, amaswa. Koma ndisanakuopsezeni, taganizani kaye chimene chimalonda galimoto yanu kuno. Mukaimika pamsika wa Kamwendo n'kulowa m'golosale, galasi lili chitsegulire, foni ili pampando, mumaipeza. Si loko amene waiteteza. Ndi mayi wa tomato uja, mnyamata wa kabaza, ndi wapachiwaya, onsewo akudziwa kuti galimoto ya nambala ya MC imeneyi ndi ya bambo a uje, ndipo mlendo akangoizungulira kawiri amufunsa chimene wataya. Wina akakuwa kuti "wakuba!" msika wonse umasiya malonda. Zimene timawachita akagwidwa sizindisangalatsa, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma mbava imadziwa kuti maso alipo.

Ku Durban kuli anthu oposa 3 miliyoni ndipo palibe akudziwani. Galasi likamaswedwa, odutsa ambiri amangowonjezera liwiro la miyendo. Musati ndi ouma mtima. Amadziwa kuti woswayo mwina ali ndi mpeni kapena mfuti, ndipo palibe amafuna kufera chikwama cha munthu wosamudziwa.

Ine ndinaphunzira Lamulungu lina titapita kunyanja ndi anzanga, cha ku South Beach. Pampando wakumbuyo ndinasiya jumbo ya nsapato zakuntchito, zong'ambika kale, ndipo mwa nzeru zanga zakumudzi ndinaivundikira ndi jekete kuti isaoneke. Pobwerera ndinapeza kagalasi kakang'ono kakumbuyo kaja kulibe, tizidutswa tili mbwee pampando ngati mchere wamiyala. Jekete yapita, jumbo yapita. Wakubayo anaona chinthu chovundikiridwa n'kuganiza kuti ndi laputopu. Ndimamumvera chisoni pang'ono ndikaganiza nkhope yake atatsegula. Koma ndalama yoikitsira galasi inaposa ya jekete ndi nsapato kuphatikiza pamodzi, ndipo kwa masiku ndinayenda ndi pulasitiki yomata ndi tepi, ikuombera m'manja msewu wonse.

Chinandipweteka kwambiri ndi Lolemba lake. Nditafotokozera mnzanga wa Chizulu kuntchito, ndimayembekeza kuti agwira pakamwa monga tichitira kuno. Sanatukwane wakuba ngakhale kamodzi. Anangofunsa, "Unasiya chiyani pampando?" Nditayankha, anaseka n'kubwerera ku ntchito yake. Ndinakwiya tsiku lonse. Patapita nthawi ndi pamene ndinamvetsa kuti kwa iwo kuswa galasi kuli ngati mvula ya Januwale: ukanyowa, funso ndi lakuti ambulera unaisiya kuti. Mukamva mayankho otere musaganize kuti akukusalani chifukwa ndinu mlendo. Amayankhana choncho okhaokhanso.

Ndiye lamulo lake ndi limodzi: m'galimoto musamaoneke kanthu. Ngakhale chingwe cha tchaja, ngakhale ndalama zachitsulo, ngakhale chikwama chopanda kanthu. Ngati pali choika m'buti, ikani musananyamuke kunyumba. Mukafika pamalo n'kutsegula buti kuika chikwama, ndiye kuti mwaonetsa aliyense pamene pali nkhokwe. Apa Sienta yanu ili ndi vuto kale, chifukwa ilibe buti yobisika, ndi magalasi okhaokha kuzungulira ngati shopu ya mafoni.

Pali kuba kwina kosaswa kanthu. Mukatsika n'kudina rimoti, munthu ali chapafupi amadinanso yake, nthawi zambiri rimoti wamba yotsegulira geti, ndipo mafunde ake amatsekereza anu. Inu mumachoka mtima uli m'malo pamene zitseko sizinakhomeke. Eni ake amati remote jamming, ndipo zikwangwani zochenjeza mudzaziona m'malo oimika galimoto pamashopu akuluakulu. Mankhwala ake ndi aulere: mukadina, kokani chitseko ndi dzanja. Ine mpaka lero ndimakoka, ngakhale pachigayo cha kwathu, ana n'kumandiseka. A inshulansi ena amavuta kulipira ngati palibe chizindikiro chakuti munthu anathyola, ndiye kukoka kumeneko si misala.

Pamaloboti napo, makamaka kukada, foni isakhale m'manja ndipo chikwama cha mayi chisakhale pamiyendo kapena pampando. Galasi limaphulika, dzanja limalowa, munthu uja wadutsa kale pakati pa magalimoto inu mukadali kukuwa. Siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo woti mutha kukhota. Ambiri amamatitsa kapulasitiki kolimbitsa magalasi, amati smash and grab, ndipo kamathandizadi kuchedwetsa dzanja lija. Kunyanja musabise kiyi pamwamba pa tayala poti mukukasambira, pali anthu ntchito yawo ndi kukhala pakhoma n'kumaona amene akuwerama.

Tsopano za alonda. Paliponse mukaimika padzabwera munthu wovala kavesiti kachikasu kapena kaolenji, kukuimikitsani ndi manja ngati kuti simunayendetsepo. Amati car guard. Ambiri salipidwa ndi aliyense, amadalira R5 kapena R10 imene mumawapatsa pochoka. Chaka changa choyamba ndinkawathawa, ndimvekere ndilipirenji munthu wongoima. Kunali kupusa. Munthu ameneyo ndiye mayi wa tomato wa kumeneko, maso amene kwanu mumawapeza ulere. Mupatseni moni, mumuyang'ane kumaso, muziimika pa yemweyo nthawi zonse. Ambiri ndi alendo anzathu, a ku Congo ndi ku Burundi, ndipo tsiku lina mudzadzidzimuka wina atakuyankhani kuti "zikomo bwana" m'Chichewa cha ku Mangochi. Si onse okhulupirika, ena amagwirizana ndi mbava zomwezo, n'chifukwa chake ndikuti mukhale ndi wanu wodziwika.

Koma malangizo anga enieni ndi akuti Sienta musapite nayo, makamaka ulendo woyambawu. Msewu wokha ndi makilomita oposa 2,000: Lilongwe, chipata cha Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Johannesburg, kenako msewu wa N3 kutsetserekera kunyanja. Malire atatu, paliponse mapepala ndi ndalama. Mukafika, galimotoyo idzakhala pa chilolezo chongolowa kwa kanthawi. Dziko la South Africa sililola mwachisawawa kulembetsa galimoto zakale zochokera kunja, chifukwa limateteza mafakitale ake, monga ya Toyota yomwe ili ku Prospecton, kumwera kwa Durban komweko. Pamafunika chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa ndi wotuluka m'dzikomo, ndipo amapatsa anthu a magulu ochepa okha. N'chifukwa chake galimoto za ku Japan zimatsika padoko la Durban n'kungodutsa kupita maiko ena. Zotsatira zake n'zakuti Sienta, Passo ndi anzawo amene adzaza M12 yathuyi kumeneko ndi osowa. Galasi lake likasweka mudzalisaka ngati mankhwala, pamene la VW Polo amakuikirani tsiku lomwelo.

Onjezerani nambala. Pakati pa magalimoto a nambala za komweko, MC yanu idzakhala ikulengeza msewu wonse kuti uyu ndi mlendo, mwina wanyamula katundu ndi ndalama zaulendo, ndipo sadziwa njira. Apolisi apamsewu nawo amaiona msanga. Pali mphepo yakunyanja yamchere imene imadya chitsulo. Inu owotcherera dzimbiri simufuna kuuzidwa.

Pitani pabasi kapena pandege. Miyezi yoyamba yendani pa minibasi, kumeneko amati taxi, kapena Uber ndi Bolt. Mukadziwa mzinda mugule yakomweko. Dziwani kuti VW Polo, Toyota Hilux ndi Fortuner ndi zina mwa zimene akuba galimoto yathunthu amazikonda, ndipo a inshulansi nthawi zambiri amafuna muikitse kachipangizo kolondolera, ka makampani ngati Tracker kapena Netstar. Chodabwitsa china: kuno inshulansi ya third party ndi lamulo, kumeneko ayi, moti magalimoto ambiri pamsewu alibe inshulansi ina iliyonse. Wina akakugundani mutha kungoona misozi yake basi. Pofuna nyumba ya lendi, musanafunse za madzi ndi magetsi, funsani landilodi kuti galimoto imagona pati. Ngati yankho ndi "pamsewu", ganizani kawiri. Nambala ya apolisi ndi 10111, ndipo mukaberedwa kalembetseni kuti mupatsidwe nambala ya mlandu. Katundu sabwerera kawirikawiri, koma popanda nambalayo a inshulansi sakumverani.

Funso lanu lachiwiri ndi lolemera kuposa galasi, ndipo sindikunamizani. Mu Meyi 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zinapha anthu 62 m'dzikomo. Mu Epulo 2015 zinabukira ku Durban komweko, patangopita masabata ochepa malemu mfumu ya Azulu Goodwill Zwelithini italankhula mawu amene ambiri anawamva ngati akuuza alendo kuti amange katundu, ngakhale iyo inati anthu anaimva molakwika. Anthu anagona m'matenti ku Isipingo ndi ku Chatsworth, ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi. Mu Malichi 2019 Amalawi ena anathawiranso kupolisi mumzinda womwewo. Pali magulu ngati Operation Dudula amene nkhani yawo ndi yomweyo. Liwu lonyozera alendo lakuti kwerekwere mudzalimva, mwina mu taxi, mwina kwa mwana wamng'ono amene sakudziwa n'komwe tanthauzo lake.

Komabe masiku ambiri a chaka si otero. Moto umakonda kuyambira m'malo othinana, kumene ulova wafika m'khosi ndipo anthu akulimbirana pompi imodzi, ndiye kumene mukhale n'kofunika kwambiri. Funsani Amalawi amene mugwire nawo ntchito, musangothamangira lendi yotchipa. Ife tili ndi mbiri yakuti ndife olimbikira ndi okhulupirika, mabwana amatikonda, koma chikondi chimenecho chili ndi minga. Mnzanu wakomweko akaona kuti mumavomera ndalama yochepa, mumagwira Lamulungu osadandaula, amakuonani ngati mukumuthyolera mphika. Inu muli ndi mapepala ndi luso, musadzitchipitse pofuna kusangalatsa bwana.

Chimene chinandithandiza ine kuposa mpanda ndi Chizulu. Musadalire Chingelezi chokha. Kwa dalaivala wa taxi, munthu wakuda womulankhula Chingelezi amaoneka wodzimva kapena mlendo, ndipo zonsezo sizikuthandizani. Yambani ndi sawubona (moni), yebo (inde), ngiyabonga (zikomo), ndipo wamkulu mumutchule baba kapena mama. Sichovuta monga chimamvekera, mukangopirira timawu tokhwatchula lilime tija. Nyama ndi inyama, mvula ndi imvula, munthu ndi umuntu, madzi ndi amanzi. Inu a ku Mchinji muli ndi mwayi wina. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anachokera chakomweko, ndipo mpaka lero boma lathu lino la Mchinji lili ndi mafumu a Zulu ndi Mlonyeni. Mdala wina woyandikana naye nyumba nditamuuza kuti kwathu kuli mfumu dzina lake Zulu, ndipo anthu amavina ingoma ndi zishango, anakana kwamtuwagalu mpaka ndinamuonetsa vidiyo ya Nc'wala ya ku Mtenguleni ku Zambia pafoni. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula mwana wotayika, ndipo usiku wina ndi iyeyo amene anayatsa getsi n'kukuwa ataona anyamata awiri akusuzumira m'galimoto yanga. Anathawa osakhudza kanthu.

Pezani mpingo kapena mzikiti kumene kuli anthu akwathu, ndipo lowani kagulu kosonkherana za maliro, chifukwa kubweretsa thupi kuno ndi ndalama zoopsa. Koma musadzitsekere m'Chichewa chokhachokha, oyandikana nanu akhale akudziwa dzina lanu. Pasipoti ndi chilolezo cha ntchito muzijambule, zina zikhale mu imelo, zina kwa mayi kuno. Ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria, ina ku Johannesburg. Mayi ndi ana asafulumire, adikire mpaka mutaona nokha sukulu ndi msewu umene azidzayenda.

Sienta ija kiyi wake musiyire mayi, osati alamu anu, apo ayi pofika Khisimisi idzakhala ikunyamula anthu ndi matumba a soya pakati pa Kamwendo ndi Mkanda. Ngati palibe woyendetsa, chotsani waya wa batire, ndipo wina aziiliza kamodzi pa sabata atabwezera wayayo. Musaiimike pafupi ndi pamene mumasunga chimanga. Yanga makoswe anadya mawaya onse a pansi pa boneti, ndipo makaniko wa pa boma anatha masiku atatu akulondola kuti uyu akupita kuti.